Azaliya wa ku Zomba

A Jailosi Mbewe anabwerera kumudzi m'chaka cha 1954, mvula itangoyamba, atakwera pamwamba pa lole yonyamula mchere. Anatsikira pa Namitete ndi sutikesi, njinga yakale, ndi madebe anayi a palafini odulidwa pakamwa. M'debe lililonse munali kamtengo kofika m'bondo, ka masamba ang'onoang'ono obiriwira kwambiri. Ulendo wonse anali ataphimba timitengoto ndi thumba lonyowa, iwo dzuwa likuwawamba pamutu.

Anali atakhala ku Zomba zaka zoposa makumi awiri, akusamala munda wa maluwa wa mzungu wina wa zankhalango amene nyumba yake inali m'mbali mwa phiri. Kumeneko kunkagwa nkhungu m'mawa, ndipo madzi ankatsika m'phiri osaphwa chaka chonse. Mwa maluwa onse a m'mundamo, a Jailosi ankakonda timitengo totchedwa azaliya. Chisanu chikamatha tinkachita maluwa mpaka masamba osaoneka. Mzungu uja atapuma ntchito, dona wake anauza antchito kuti aliyense atenge chimene akufuna. Ena anatenga mapoto, ena mabulangete. A Jailosi anapempha timitengo tinayi timene anameretsa okha, popinda nthambi ya azaliya wamkulu n'kuikwirira mpaka itaphuka mizu. Dona anawauza kuti kwawo n'kotentha, timitengoto sitikakhala. Iwo ankadziwa, koma anatinyamulabe.

Mudzi umene ankapitako sunali wakwawo. Unali wa akazi awo, a Esinati, chakumwera kwa Namitete, kumene iwo anali mkamwini. Kwawo kwenikweni kunali kufupi ndi Nambuma, koma amayi awo ndi alongo awo anali atamwalira kale. Zaka zonsezo kwa a Esinati ankabwerako pa tchuthi pokha, ndipo chaka china chinkadutsa osabwera.

Anafika chakumadzulo akukankha njinga, madebe atawamangirira uku ndi uku. A Esinati anali pakhonde akutong'ola nyemba. Anayang'ana kunjira, koma sanadzuke.

"Odi kuno!"

"Odini. Ndani?"

"Ndine."

A Esinati anaika pansi lichero. "Mawuwa ndi a bambo ake a Janet, eti?"

A Jailosi anaseka, poganiza kuti akuwanyogodola chifukwa chokhalitsa kuntchito. Janet, mwana wawo mmodzi yekha wamoyo, amene anali pabanja ndipo nyumba yake inali chapafupi, anabwera akuthamanga n'kulandira sutikesi. Madebe aja a Jailosi anakana kuti wina awagwire.

M'mawa mwake, anthu akubwerabe kudzawalonjera, iwo anali kale kuseri kwa nyumba kufunafuna malo. Anasankha pansi pa mtengo wa mthethe, pamene dzuwa linkafika m'mawa pokha. Anakumba maenje otakata koma osazama, chifukwa mizu ya azaliya ndi yopyapyala ngati tsitsi ndipo imayenda pamwamba. Dothi lofiira limene anakumbamo analitaya. Kwa masiku angapo ankapita panjinga kunkhalango ya masuku kukakokola masamba owola ndi dothi lakuda la pansi pake, n'kumabwera nazo m'matumba. Atadzala, anaphimba pansi ndi masamba ouma, kenako anamanga mpanda wa bango.

A Yonasi, mlongo wawo wa a Esinati, amene anali mwini mbumba, anabwera kudzaona. Anatsamira pampanda nthawi yaitali.

"Kodi alamu, zipatso zake zimadyedwa bwanji?"

"Sizibala zipatso zodya."

"Ndiye ndi mankhwala?"

"Iyayi. Ndi maluwa basi."

"Maluwa basi, eti? Nanga mpandawu?"

"Mbuzi ikadya masamba ake imadwala."

A Yonasi anachotsa mkono pampanda paja. Sananene kanthu koipa, poti anali munthu waulemu. Anangoti mkamwini wodzala mitengo pamudzi wa eni anali asanamuonepo, n'kupita. Koma pofika Lamlungu mudzi wonse unali utamva kuti a Mbewe abwera ndi mitengo yopha mbuzi, ndipo amayi ankaletsa ana awo kudutsa kuseri kwa nyumbayo.

Palibe amene anawayamba mkangano. Ankawalonjera bwinobwino. Koma akakhala pabwalo ndi amuna anzawo, nkhani zinali za fodya, za alangizi ovuta pa mizere, za boma la chitaganya, za milandu ya ng'ombe imene inayamba iwo kulibe. Akati aikepo mawu, ankayamba ndi kuti "ku Zomba," ndipo anthu ankadikira kuti amalize n'kupitiriza pamene analekeza. Ngakhale kalankhulidwe kawo kanali katapendekera kum'mwera, moti achinyamata ankawayeseza akadutsa. Munda wa chimanga unali wa a Esinati, ndipo ankaulima Janet ndi mwamuna wake. A Jailosi akapita ndi khasu ankauzidwa mwaulemu kuti apume, atopa ndi ntchito ya azungu.

M'nyumba namo munali chimodzimodzi. A Esinati anali atazolowera kukhala okha. Chilichonse chinali ndi malo ake, ndipo a Jailosi akasuntha chikho kapena mpando ankamva akudandaula chapansipansi. Ankadya, n'kufunsana za mutu ndi msana, nkhani n'kuthera pomwepo. Choncho nthawi yambiri a Jailosi ankakhala kuseri, atanjuta pakati pa timitengo tawo, akutembenuza masamba, nthawi zina akulankhula nato monga ankachitira ku phiri.

Dzinja lonse timitengoto tinakondwa. Mavuto anayamba mvula italeka. A Jailosi anali atagula mgolo ndi lata limodzi lokhetsera madzi a mvula, koma madziwo sanachedwe kutha, ndipo anayamba kuthirira a pachitsime cha kudambo. Madzi amenewo ankasiya zoyera m'mbali mwa mtsuko. Posapita nthawi masamba anayamba kuchita chikasu, mitsempha yokha n'kutsala yobiriwira. Kamtengo kamodzi kanayoyoka masamba onse n'kuuma.

Anafunsafunsa mpaka anamva za kasupe wina wotuluka pansi pa mwala, pakaphiri ka kutali ndithu ndi mudzi. Anakalawa madziwo ndipo anali opepuka pakamwa ngati a ku Zomba. Kuyambira pamenepo ankapitako panjinga ndi madebe awiri, kuchoka m'mawa, kubwera dzuwa lili pamutu. Akazi a pamudzi pobwera kuchitsime ankapatuka kuti njinga idutse, n'kumayang'anizana. Mwamuna wamkulu kukatunga madzi kuphiri, osati akumwa, koma othirira chinthu chosadyedwa!

Chilimwe chili pakati kunabwera uthenga wakuti atsibweni awo omaliza amwalira ku Nambuma. A Jailosi anadzaza mgolo, n'kuonetsa a Esinati chikho chothirira.

"Chikho chimodzi pa kamtengo, dzuwa likamalowa. Musathire a pachitsime."

"Ndamva."

"Chiswe chayamba kudya mpanda. Ndidzachiona ndikabwera."

Ku Nambuma anakapeza kuti owadziwa atha. Ana a abale awo ankawafunsa kuti iwo ndi a kuti, ndipo atafotokoza ankangoti, "Oo, ndinu aja a ku Zomba." Pamene panali nyumba ya amayi awo panali chigafa cha fodya. Anakhala mpaka tsiku lometa chifukwa cha mwambo, akugona pamphasa pakati pa anthu achilendo, kenako anapalasa njinga kubwerera.

Atafika sanalowe n'komwe m'nyumba. Anapita kuseri, ndipo atatsegula kakhomo ka mpanda anaima chilili. Pansi pa timitengo tiwiri panali milu ya phulusa, lothiridwa madzi mpaka kulowerera m'dothi. Lina linali litamwazika pamasamba. Nsonga za masamba zinali zitapsa. Kamtengo kachitatu, ka pakona, kanalibe phulusa. Mulu wake unali pambali, pamalo opanda kanthu.

Anagwada n'kuyamba kukokola phulusalo ndi manja. A Esinati anabwera akugwira khoma la nyumba.

"Mwabwera? Mwayenda bwanji?"

"Ndani wathira phulusa apa?"

"Ndine. Munanena za chiswe. Phulusa limathamangitsa chiswe, pa maungu timatero."

"Awa si maungu! Phulusa ndi imfa pa mitengo iyi. Bwanji osandifunsa?"

"Ndikanakufunsani muli ku Nambuma?"

"Ndinanyamula mitengo iyi kuchokera ku Zomba pamiyendo panga. Ndathyoka msana ndi madebe. Inu simunabwerepo ngakhale tsiku limodzi kudzaiona, lero mwabwera kudzaipha."

A Esinati analankhula mosakweza mawu.

"Ndimafuna kukuthandizani. Ndikakhala m'nyumbamu ndimakumvani mukucheza nayo mitengoyi. Mumaifunsa ngati yamwa, ngati dzuwa laiwotcha. Chibwerereni, mawu anu ndawamva kwambiri kuseri kuno kuposa m'nyumba."

Anatembenuka n'kubwerera, dzanja lili pakhoma. A Jailosi anatsala atagwada, phulusa lili mbuu m'mikono. Kenako anachotsa dothi lonse la pamwamba, anathira madzi a mumgolo mpaka kutha, anabweretsa masamba owola atsopano. Sizinathandize. Timitengo tiwirito tinauma mvula isanagwe, n'kutsala kamodzi ka pakona kaja.

Nkhani ya phulusa sinatchulidwenso. Dzinja limenelo a Esinati sanapite kumunda, ndipo kuchitsime ankawatungira Janet. Kutchalitchi ankapita atakolowekana mkono ndi mwana wawoyo. Ndiwo tsiku lina zinkawawa mchere, tsiku lina zopanda. A Jailosi ankaganiza kuti ndi mkwiyo wa mawu aja, ndipo poti sankadziwa poyambira kupepesa, ankangodya osadandaula. Tsiku lina anabwera ndi nsalu yatsopano kuchokera kusitolo ya pa Namitete. A Esinati anaisisita, anathokoza, n'kuipinda osaifunyulula. Zimenezo zinawapweteka a Jailosi, ndipo anabwerera kuseri kwawo.

Kamtengo kotsalako kanalimba. Mvula inakatsuka, kanatulutsa mphukira, masamba anabwerera kubiriwira. M'nyengo ya chisanu ya 1956 a Jailosi anaona timitu tating'ono tonenepa pansonga za nthambi. Sanauze munthu. Mthethe utayoyola masamba, anamanga kachisakasa ka udzu kotchinga dzuwa la masana, ndipo maulendo a kukasupe anachuluka. M'mwezi wa Sepitembala, m'mawa wina, anapeza maluwa atatseguka. Patangopita masiku ochepa kamtengo konse kanali kataphimbika, kofiirira mowala, masamba osaoneka, pakati pa mudzi wa fumbi ndi udzu wouma.

Anaima pamenepo okha nthawi yaitali. Ku Zomba pakanabwera dona ndi alendo ake, akanaitana ophika ndi ochapa kuti adzaone. Kuno kunali nkhuku zokha zikupalasa kunja kwa mpanda. Anapita kukhonde.

"Amake Janet, tabwerani mudzaone."

"Chiyani?"

"Tangobwerani."

A Esinati anadzuka pang'onopang'ono n'kutsatira khoma. Khoma litatha anaima. A Jailosi anali atatsegula kakhomo, akudikira.

"Lowani. Onani pakonapo."

A Esinati analowa, phazi likufufuza pansi. Anaima pakati pa mpanda, nkhope italoza kumene kunali maenje opanda kanthu.

"Akongola," anatero.

A Jailosi anawayang'ana. Maluwa anali kumanzere kwa akazi awowo, pafupi moti chitenje chinatsala pang'ono kuwakhudza. Kwa nthawi yoyamba chibwerereni anayang'anitsitsa m'maso mwa akazi awo padzuwa. M'kati mwa maso onse awiri munali motuwa ngati madzi otsukira mpunga. Anakweza dzanja n'kuligwedeza patsogolo pawo. Maso sanaphethire.

"Amake Janet. Simukuona?"

A Esinati anatembenukira kumene kunachokera mawu. "Ndimadziwa kuti kwacha, ndimadziwa kuti kwada. Moto ndimauona ukayaka kwambiri."

"Chiyambire liti?"

"Kale. Musanabwere ndinkaonako anthu akayandikira. Chaka chathachi ndiye kwatsekeka."

A Jailosi anagwira dzanja la akazi awo, chinthu chimene anali asanachite kwa zaka zambiri, n'kulitsitsira pa maluwa. Zala za a Esinati zinayendayenda pamenepo mosamala.

"Ndi ofewa. Alibe fungo, eti?"

"Alibe."

"Ndiye mwavutikira zimenezi," anatero, osati monyoza, koma ngati munthu amene akufuna kumvetsa.

Masana a tsiku lomwelo a Jailosi anapita kwa Janet. Anam'peza akusanja udzu wophimbira nazale ya fodya.

"Amayi ako saona. Iwe ukudziwa?"

Janet anawerama. "Mudzi wonse ukudziwa, bambo."

"Nanga ine osandiuza bwanji?"

"Anatiletsa. Anati munthu amene mumagona naye nyumba imodzi sauzidwa ndi anthu akunja. Anati mudzaona nokha."

"Ndipo sindinaone."

Janet anangopitiriza kusanja udzu, misozi ikugwera pamanja.

Mphunzitsi wa pasukulu ya mpingo anauza a Jailosi kuti kuchipatala china cha mishoni, kuphiri, kupitirira Lilongwe, kuli dokotala amene amachotsa ng'ala m'maso. A Yonasi anakayika. Anati mlongo wawo wakalamba, ndipo maso si chinthu chopititsapo mpeni. Anati ngati n'kupita, apite ndi Janet, poti wodwala wamkazi amadikiriridwa ndi mkazi mnzake. Koma Janet anali ndi mwana wakhanda, ndiponso inali nyengo ya nazale, yofuna kuthirira m'mawa ndi madzulo.

"Ndipita nawo ndine, alamu," anatero a Jailosi.

"Inu? Nanga mitengo yanu?"

"Watsala umodzi. Janet adzathirira."

A Esinati atafunsidwa anati apita. Maluwa anali atayamba kufota ndi kugwa, ndipo kutentha kwa Okutobala kunali kukuyandikira. A Jailosi ankadziwa bwino lomwe tanthauzo la kusiya azaliya m'nyengo imeneyo. Anapita kukasupe maulendo ambiri motsatizana mpaka mgolo unadzaza, anawonjezera masamba pansi, anakonza kachisakasa, n'kupereka chikho kwa Janet. Ankaganiza kuti akakhalako sabata ziwiri.

Anakwera basi pa Namitete, anagona ku Lilongwe kwa munthu wa mpingo, kenako lole inawafikitsa kuchipatala. Kunali odwala maso ambiri, ndipo anauzidwa kuti adikire. Atawayeza, dokotala ananena kudzera mwa womasulira kuti diso lamanzere linafa kale, koma lamanja angayese. Anadikiranso. Atawachita opaleshoni, a Esinati anagonekedwa chagada, kumaso atakulungidwa nsalu, osaloledwa kutembenuza mutu. Kenako diso linatupa, ndipo masiku anawonjezereka.

Kumalo ophikira odikirira odwala kunali akazi okhaokha. Tsiku loyamba anasiya kucheza a Jailosi atalowa ndi kampoto kawo. Pambuyo pake anawazolowera, ankawagawira moto ndi kuwaseka akapsereza phala, koma nkhani zawo zinkayambiranso iwo akatuluka. Ankagona pakhonde. Masana ankakhala pansi m'mbali mwa bedi, akumwetsa akazi awo ndi supuni ndi kuwaingitsira ntchentche.

Kumeneko ndi kumene a Esinati anayamba kulankhula. Mwina chinali chifukwa cha nsalu ya kumaso ija, poti munthu wosaona nkhope ya mnzake sachita manyazi. Anafotokoza za chaka cha njala, mmene ankapitira kukasuma kutali, Janet ali pambuyo atasenza kathumba. Anafotokoza za denga limene linagwa ndi mphepo, n'kufolera okha mothandizidwa ndi a Yonasi. Anafotokoza za Enock, mwana wawo wamwamuna amene anamwalira ali wamng'ono a Jailosi ali ku Zomba. A Jailosi ankadziwa kuti mwanayo anamwalira ndi chifuwa. Sankadziwa kuti ankakonda kuvala chipewa chawo chakale chimene anasiya pamsomali, ndi kuti anthu ankamutcha bwana wamng'ono.

"Bwanji simunkandiuza zimenezi ndikabwera pa tchuthi?"

"Munkabwera ngati mlendo. Mlendo sitimuuza za denga, timamuphera nkhuku."

Tsiku lina a Esinati anafunsa, "Kodi ku Zombako munali ndi mkazi wina?"

"Ayi."

"Anthu ankatero."

"Ndinali ndi kachipinda kuseri kwa khitchini. Ndikaweruka ndinkaphika, n'kudya, n'kugona. Lamlungu kutchalitchi."

"Zaka zonsezo?"

"Zonsezo."

"Ndiye tonse tinkangokhala," anatero a Esinati, n'kupempha madzi.

Kunja kunkatentha kwambiri. Ngakhale kuphiri kumeneko udzu unali utauma, ndipo a Jailosi akaona mitambo ikusonkhana masana n'kubalalikanso, ankaganiza za mgolo uja. Sanatchule.

Nsalu itachotsedwa, a Esinati anapatsidwa magalasi okhuthala ngati pansi pa botolo. Diso lamanja linayamba kuona, koma osati kwenikweni. Ankazindikira khomo, zenera, ndi munthu akaima pafupi. Anayang'ana amuna awo nthawi yaitali, mutu utapendekera.

"Mwachita imvi," anatero.

Anabwerera kumudzi Novembala ali pakati, mvula isanagwebe. Anthu anabwera ambiri kudzaona magalasi, ndipo a Esinati anakhala pamphasa akutchula mayina a amene ankawayandikira, akazi akululutira akalondola. A Jailosi anadikira mpaka chisangalalo chitachepa, kenako anazemba kupita kuseri. Janet anawatsatira, mwana ali kumsana.

Kamtengo kanali chiimire, masamba ali ofiirira ngati fodya wouma, ena atagwa. A Jailosi anakanda khungwa ndi chikhadabo pansonga, kenako pakati, kenako pafupi ndi dothi. Ponseponse panali pouma.

"Madzi a mumgolo anatha, bambo. Kukasupe sindikanatha kufika ndi mwanayu. Ndinathira a pachitsime, kenako chitsime chinayamba kuphwa, anthu akulimbirana a nazale. Mwana anadwalanso. Ndinadumphitsa masiku. Pepani."

"Usadandaule, mwanawe. Ndinakusiyira chinthu chovuta."

"Simungakatenge ina ku Zomba?"

"Nyumba ija mukukhala anthu ena tsopano. Sandidziwa."

Madzulo a Esinati anafunsa okha kuti awaperekeze kukaona maluwa aja. A Jailosi anawauza kuti mtengo wauma. A Esinati anavula magalasi, anawapukuta ndi nsonga ya chitenje, n'kuwavalanso.

"Chifukwa cha ine."

"Iyayi. Si wa kuno. Ukanauma chaka chino kapena cha mawa."

M'mawa mwake anazula kamtengoko. Kanazuka mosavuta, mizu yonse ili pamodzi ngati chisa cha mbalame. Anakwirira maenje, anagwetsa mpanda, ndipo mgolo ndi lata anapatsa mwamuna wa Janet. Kwa masiku angapo ankadzuka m'mawa n'kupezeka ali kuseri kwa nyumba asanaganize, n'kuima pamenepo manja ali kumbuyo, kenako n'kubwerera.

Mvula itagwa anatenga khasu kupita kumunda wa akazi awo, ndipo ulendo uno atauzidwa kuti apume anakana. Malire a mundawo sankawadziwa, moti tsiku loyamba analima mizere ingapo m'munda wa a Yonasi. A Yonasi anaseka n'kuwaonetsa chulu chimene chinali malire. Pabwalo zinthu sizinasinthe kwenikweni. Anthu ankawalemekeza chifukwa cha zimene anachitira mlongo wawo, koma nkhani zinkawadutsabe, ndipo iwo anasiya kuyesa kuikapo mawu. M'nyumba ankacheza pang'ono kuposa kale. Masiku ena a Esinati ankayamba nkhani ya kale, masiku ena ankangokhala chete mpaka kukagona.

Diso lija linaona kwa zaka ziwiri, kenako linayambanso kuchita mdima. A Esinati anakana kubwerera kuchipatala. Lamlungu a Jailosi ankawaperekeza okha kutchalitchi, akukankha njinga pang'onopang'ono, a Esinati atagwira kaliyala, akuwauza pamene pali muzu kapena dzenje. Akafika pakhomo, amayi a chigwirizano ankabwera kudzawalandira a Esinati n'kupita nawo kumbali ya akazi, akuseka ndi kufunsana za ana. A Jailosi ankatsamiritsa njinga pamtengo, n'kuvula chipewa, n'kukakhala kumbali ya amuna, kumapeto kwa benchi.